Amalume Anga ndi Katimba ka ku Nyika

Ulendo wautali kuposa onse amene ndayendapo ndinauyenda chifukwa cha kambalame kosadzaza n'dzanja lomwe. Koma kambalameko sindinkakafuna ine. Ine ndinkafuna amalume anga.

Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, bambo atatsogola kale. Anandilera ndi agogo ku Bembeke, amene anabereka ana awiri okha: malemu mayi anga ndi amalume a Gervazio. Choncho Fabiano, kalipentala wa kwa Mphunzi, atandifunsira, panalibe zosankha. Nkhoswe yanga inayenera kukhala amalumewo basi. Popanda nkhoswe palibe chinkhoswe, ndipo kutchalitchi salembetsa ukwati wa munthu amene abale ake sanaonekere.

Anthu a kwa Mphunzi anabwera kawiri atanyamula tambala wawo. Kawiri konse anakhala pamphasa kudikira mpaka dzuwa kupendeka, uku amalume akulonjeza pafoni kuti ali m'njira. Ulendo wachiwiri, amalume ake a Fabiano anaimirira, nasasa fumbi pabuluku lawo.

"Mayi," anatero kwa agogo, "tambala uyu wayenda mokwanira. Tibweranso Loweruka likudzali. Tikapeza mwini mbumba palibe, tikamudya, ndipo mnyamata wathu tikamuuza akayang'ane kwina kumene kuli anthu."

Kumene kuli anthu. Mawu amenewo anandibaya kuposa ena onse.

Alendo atapita, agogo anandiitana. "Iwe Tereza, foni ija ndi yonamiziramo. Munthu sanama akuona bondo lako lili pansi. Pita ku Lilongwe. Ukamupeze atakhala, ukagwade, ukapereke moni bwinobwino, ndiye ukanene. Osati pamsewu, osati pamaso pa alendo ngati ukutsatsa tomato. Ndikanapita ndekha kukamukoka khutu, koma mawondo angawa."

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa ndi kathumba ka kachewere, pakuti kwa malume sapita chimanjamanja. Kabaza ananditula pamsewu waukulu, ndipo minibasi inandifikitsa pa Dedza popanda vuto. Vuto linayamba pamenepo. Ndinakwera ina imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza, osadziwa kuti theka la okhalamo anali anyamata oitanira, ongokhalamo kuti anthu tikopeke. Akakwera munthu weniweni mmodzi, mnyamata mmodzi ankatsika. Minibasi inali yodzaza nthawi yonseyo koma yosanyamuka. Kondakitala anafunanso kuti kachewere wanga alipire ngati munthu.

"Ndimuika pamiyendo," ndinatero.

"Ndiye miyendoyo ikwera ndege?"

Ndinangomuyang'ana mpaka anatopa n'kupita kukakangana ndi wina. Ndinaphunzira kalekale kuti anthu olongolola amaopa munthu wongowayang'ana.

Pa Chimbiya tinaimanso nthawi yaitali, dalaivala akudya kanyenya pachiwaya, ife tikukankhidwa kabichi ndi anyezi pawindo. Ku Lilongwe ndinafika dzuwa lili pamutu.

Amalume ndi mphunzitsi wopuma wa sekondale, ndipo amakhala ku Chilinde. Pageti pawo ndinapeza chigalimoto choyera chachitali chikupakiridwa katundu. Amalume anali pambali pake, munthu wa imvi, atavala kabudula wa khaki, chipewa chachikulu ndi kajekete kopanda manja ka matumba ambirimbiri. Pakhosi anapachika magalasi oonera patali. Atandiona nkhope yawo inagwa ngati aona ngongole.

"Iwe, wabwera bwanji osaimba foni?"

"Ndabwera ndi mawu a agogo, amalume."

"Mawu adikire. Sukuona tili paulendo? Tikupita ku Nyika, tibwera Lolemba. Azakhali ako ali ku Blantyre, nyumba ndikutseka."

Lolemba. Loweruka likanakhala litadutsa, tambala atadyedwa. Ndili chiimire kusinkhasinkha, dalaivala, bambo wamfupi wotchedwa a Yusufu, ananyamula thumba langa poyesa kuti ndi katundu wa paulendo, n'kuliponya kumbuyo kwa galimoto. Ine ndinangotsatira kachewere wanga. Ndinakwera, ndi kukhala pampando wakumbuyo pakati pa zikwama.

Pampando wapakati panali mayi wonenepa wa magalasi, amene ndinadzamva kuti ndi mayi Chisale, namwino wopuma. Anacheuka. "A Tcheya, mtsikanayu ndi wathu?"

Kunditsitsa kukanafuna kufotokoza, ndipo kufotokozako ndiko amalume ankakuopa. "Ndi wa kumudzi," anatero. "Atithandiza kuphika." Kenaka anazungulira pawindo langa n'kunong'ona: "Pagulu pano ndine a Tcheya. Za amalumezo uzisiye ku Bembeke."

Wachinayi paulendowo anali mzungu wamtali wotchedwa a Hansi, amene anakhala kutsogolo atafungatira kamera yaitali ngati musi. Tinanyamuka.

Tisanafike pa Lumbadzi mayi Chisale anali atandifotokozera zonse. Iwo ali ndi kagulu ka anthu oonera mbalame, ndipo amalume ndiwo wapampando. Samazigwira mbalamezo, samazidya, samaziweta. Amangoziona, n'kuuzana kuti aziona. Tsono kunamveka kuti ku paki ya Nyika kwaoneka kambalame ka mtundu wa timba kamene kwawo ndi kutali kutsidya la nyanja zamchere. Anzake akathawa chisanu amalowera kwina, koma iko kanasokera njira n'kudzatulukira padambo lina la ku Nyika, kumene mtundu wake sunaonekepo chiyambire.

"Taona," anatero akundipatsa foni.

Ndinayang'ana. Panali bango, ndipo pabangopo kanthu kofiirira ngati chitosi cha nkhuku.

"N'kokongola, eti?"

"Eya," ndinatero. Kudimba kwa agogo atimba otere alipo ambiri, moti anyamata a legeni saonongerapo mwala.

Ulendo wa anthu oonera mbalame suyenda ngati wa anthu. Galimoto ikangoyamba kuthamanga, a Hansi ankakuwa, a Yusufu n'kuponda buleki, zikwama n'kundigwera pamutu. Onse ankatsika, magalasi kumaso, kuyang'ana kanthu kali pawaya wa magetsi. Amalume ankatchula dzina lake m'Chingerezi, kenaka m'Chilatini, mokweza ngati akutsogolera misa. Akabwerera m'galimoto ankayamba kuphunzitsa. Anthu akumudzi, iwo amati, ndi amene atha mbalame za dziko lino. Amaotcha tchire chifukwa cha mbewa. Akamva kadzidzi padenga amati kugwa maliro. Mitu yawo yadzaza zikhulupiriro zachabechabe.

"Umbuli, a Hansi, umbuli! Ine ndinatulukamo kalekale."

Munthu amene anatuluka mu umbuliyo anaphunzira ndi ndalama za kachewere wa agogo. Koma ine ndinali wophika, ndipo wophika salankhula.

Pa Mponela tinaima kuti tidye. Ndinaganiza kuti mwina mwayi wapezeka, poti munthu akamadya amakhala pansi. Amalume anadya tchipisi chawo ataimirira, atatsamira galimoto, pafupi ndi a Hansi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akudziwa bwino chimene ndadzera, ndiponso akudziwa malangizo amene mayi awo angapereke. Anakulira m'nyumba yomweyo. Bola osakhala pansi, bola osatsala okha, ine ndinalibe polowera.

Titadutsa Kasungu, chakufupi ndi Chatoloma, galimoto inalira ngati mwana wa nkhumba, n'kutulutsa nthunzi. A Yusufu anatsegula kutsogolo, natulutsa lamba wa injini woduka pakati, namuonetsa kwa tonse ngati njoka imene apha.

"Wina wapadera mulibe?" anafunsa amalume.

"Ndinanena kuti tigule, bwana. Munati tichedwa."

A Yusufu anakwera njinga yamoto kubwerera ku Kasungu. Ife tinatsala pamsewu. Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Mthunzi panalibe, kupatula wa galimoto yomweyo, umene unkasuntha ife n'kumautsatira. Ana a m'mudzi wapafupi anabwera kudzaonera mzungu, ndipo mzunguyo ankaonera mpheta. Mayi Chisale anavula nsapato n'kuyamba kuwerenga korona. Anadutsa bambo wina woyendetsa ngolo, natifunsa kumene tikupita. Atamva kuti tikukaona mbalame anafunsa ngati ndi yogulitsa. Atamva kuti ayi, anakwapula ng'ombe zake n'kumapita.

Dzuwa litapendeka ndinaona amalume atatopa. Anapita chapatali pang'ono, nakhala pa kalavati, okha. Ndinamanga bwino chitenje, ndi kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati ndikufuna kugwira nkhuku. Nditatsala pang'ono kufika, anadzambatuka, magalasi kumaso, kuyang'ana kumwamba.

"A Hansi! Tabwerani mudzaone!"

Ndinayang'ana nanenso. Anali khwangwala.

A Yusufu anabwera ndi lamba, koma anali wamkulu. Anabwereranso. Pamene galimoto inkadzalira n'kuti dzuwa likulowa, ndipo tinangokwawa mpaka pa Nkhamenya, pamene tinapeza malo ogona. Ine anandiika chipinda chimodzi ndi mayi Chisale. Tikusambitsa mapazi pabeseni limodzi anandifunsa kwathu.

"Ku Bembeke."

"A Tcheya umawadziwa bwanji?"

"Ndi a kwathu komweko."

Sindinaname. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, koma sanafunsenso.

Lachitatu tinadutsa Jenda, n'kukwera mapiri a Chikangawa, kumene ndinkamva kuti kuli nkhalango yaikulu koma ndinaonako zitsa zambiri kuposa mitengo. Ku Mzuzu mafuta anatithera, ndipo m'tauni monse munali malo amodzi okha amene ankayembekezera thanki yobweretsa mafuta. Mzere wa magalimoto unazungulira mpaka kuseri kwa msika. Tinalowa pamzere. A Yusufu anatsitsa mpando, naphimba nkhope ndi chipewa, ngati munthu amene wafika kwawo.

Amalume sanakhazikike. Ankayenda kupita kutsogolo kwa mzere, kubwerera, kupitanso. Anakauza anyamata othira mafuta kuti iwo ali paulendo wa sayansi, ndipo ali ndi mlendo wochokera kunja. Mnyamata wina anawalozera galimoto imene inali patsogolo pathu, yonyamula bokosi la maliro ndi anamfedwa atakhala mozungulira.

"Awonso akufulumira, dada," anatero.

A Hansi ankayang'ana pafoni kawirikawiri. Kunali munthu wina kupakiko amene ankawatumizira uthenga. Akanena kuti kambalame kadakalipo, onse ankapuma. Uthenga ukachedwa, amalume ankagwira mutu.

"Mayi Chisale, mukudziwa kuti kanthu kameneka kakhoza kuuluka lero lomwe? Mwayi wotere ukapita wapita. Munthu ukachedwa tsiku limodzi umalira moyo wako wonse."

"Zoona," ndinayankha ine kumbuyoko. Anali mawu anga oyamba tsiku limenelo. Amalume sanacheuke, koma makutu awo anamva.

Tili pamzere pomwepo Fabiano anaimba. Ndinatsika n'kukaima kuseri kwa galimoto.

"Wawapeza?"

"Ndawapeza."

"Ndiye ati bwanji?"

"Sanakhale pansi."

"Chiyani? Kuyambira dzulo? Tereza, uli kuti kodi? Ndikumva anthu akulankhula Chitumbuka."

"Ndili ku Mzuzu."

Fabiano anati, "Amalume anga sakuseka, Tereza. Ine ndawachonderera mpaka atopa nane. Akuti banja limene malume wake sabwera pa chinkhoswe, sadzabweranso pa matenda kapena pa mlandu. Ine ndingakane bwanji? Loweruka likalephereka sindidzakhalanso ndi pakamwa."

"Ndamva."

"Ungoti ndamva basi?"

"Nanga nditi chiyani? Konzani tambala wanuyo."

Ndinalankhula molimba mtima, n'kudula foni. Ndinakhala pamwala, kuyang'ana amalume anga akukangana ndi woyendetsa minibasi za amene anayamba kufika pamzere.

Mafuta tinawapeza madzulo, n'kukagona ku Rumphi. Kumeneko ndinaphika, ndinatsuka mbale, ndipo kachewere wa agogo anadyedwa ndi gulu lonse. A Hansi anamuyamikira kwambiri. Amalume anati amachita kuitanitsa kuchokera ku Dedza kwa alimi amene iwo amawathandiza.

Lachinayi tinalawirira. Titadutsa Bolero msewu unasanduka zimene sindingazitche msewu. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo dothi lofiira linkaterera ngati therere. Pachipata cha paki tinalipira, mzungu mtengo wake, ife wathu. Titakwera chitunda china galimoto inatitimira mpaka m'mimba. Tonse tinatsika kukankha. A Hansi, ndinene zoona, anakankha ndi mtima wonse, matope mpaka m'ndevu. Mayi Chisale anakankha akuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Ine ndi a Yusufu tinathyola nthambi zoika kumatayala. Amalume anaima pachulu n'kumalangiza.

"Kumanzere, Yusufu! Ndati kumanzere! Anthu inu simudziwa sayansi ya matope."

"Tsikani mudzationetse sayansiyo, a Tcheya," anatero mayi Chisale akupuma wefuwefu.

"Ndanyamula magalasi odula, mayi."

Za Nyika anthu amasimba zambiri. Ndi mapiri a udzu osatha, ndi mphepo. Ena onse ankanjenjemera ndi kuvala majuzi awiriawiri, koma kwa munthu wa ku Bembeke kumeneko n'kuzizira kwa masiku onse. Mbidzi zinaima m'mbali mwa msewu kutiyang'ana ngati ng'ombe za eni ake. Palibe anaimitsa galimoto chifukwa cha izo. Tinafika kumalo ogona masana, ndipo amalume sanalole n'komwe kuti timwe tiyi. Anapeza mlonda wa paki wa mfuti yake woti atiperekeze kudambo kuja.

Ndinawerenga masiku m'mutu. Kuti munthu akafike ku Bembeke Loweruka m'mawa, anayenera kunyamuka kuno Lachisanu kukucha. Ndinatsala ndi madzulo amenewo okha.

Galimoto tinaisiya pamtunda ndi a Yusufu, n'kutsetsereka wapansi. Mlonda anali patsogolo, kenaka a Hansi, kenaka ine nditasenza miyendo itatu yoimikapo kamera, kenaka amalume, ndipo mayi Chisale pambuyo. Anatiuza kuti tisalankhule, tisatsokomole, tisaponde zouma. Kwa ine limenelo silinali lamulo lovuta.

Kumunsi kunali kamtsinje kodzaza ndi madzi a mvula, akuda, othamanga, m'mbali mwake muli matope ozama. Powolokera panali thabwa limodzi lalitali, lokwana phazi limodzi patsogolo pa linzake. Kutsidya kunali bango. Mlonda anawoloka. A Hansi anawoloka. Ine ndili pakati pa thabwa, m'bangomo munamveka kulira: tche, tche, tche, ngati munthu akugogoda timiyala tiwiri. A Hansi anatembenuka, maso ali tong'o, n'kuyamba kukodola ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwanga ndinamva thabwa likugwedera. Amalume anali atakwerapo, akupumira m'khosi mwanga.

"Fulumira, iwe! Fulumira!" ananong'ona.

Ndinayang'ana thabwalo. Ndinayang'ana madzi mbali iyi ndi mbali iyo. Kenaka ndinatula katundu uja mopingasa, ndinatembenuka bwinobwino, ndinakonza chitenje, ndi kugwada.

"Muli bwanji, amalume?" ndinatero ndikuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Wapenga? Dzuka!"

"Ife tili bwino, kaya inu amene tinakusiyani kalekale. Agogo akupereka moni. Mawondo ndiwo akuwavuta, makamaka kukazizira. Mvula kumudzi yagwa, ndipo chimanga tadzala, chatsala cha kumunda wa kuphiri."

"Tereza, ndapota nawe. Tikambirana tikawoloka."

"Nkhuku zinafa ndi chitopa, zatsala zitatu."

Tche, tche, tche, kanatero kambalame kutsidya. A Hansi anali atagwada kale m'matope, kamera ili kumaso.

"Ndikulumpha!" anatero amalume.

"Lumphani, amalume."

Ndinaweramitsa mutu kuti ndiwapatse malo. Ndinaona nsapato yawo yakumanja ikunyamuka pathabwa. Inakwera mpaka pafupi ndi phewa langa, n'kuima m'malere. Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti munthu salumphidwa, makamaka mkazi amene sanabereke, chifukwa ukamulumpha wamutsekera mimba. Munthu amene anatuluka mu umbuli kalekale uja anaima ndi mwendo umodzi pakati pa mtsinje ngati kakowa, akulimbana ndi mwendo wake womwe. Mwendowo unakana. Unabwerera pamene unachoka.

"Wati chiyani mwanayu?" Anali mayi Chisale, ali kumtunda kumbuyo kwa amalume. Kunong'ona anali ataiwala. "Wati amalume?"

"Ndi alongo awo a malemu mayi anga," ndinayankha ndili chogwada. "Mimba imodzi."

"Mayo ine! A Tcheya! Mwana wa mlongo wanu ndiye mwamutsukitsa mbale kuchokera ku Lilongwe? Ine n'kumamutuma madzi osamba ngati wantchito?"

"Mayi Chisale, chonde, mawu anuwo. Kathawa."

"Kathawe! Nena, mwanangu. Wadzera chiyani?"

Pa malangizo onse a agogo ndinasunga limodzi lokha, la bondo. Amalume sanakhale pansi, malowo sanali nyumba, ndipo alendo analipo. Koma ndinanena mwadongosolo, monga anandiphunzitsira. Ndinati kwabwera anthu a kwa Mphunzi kudzapempha banja. Ndinati abwera kawiri n'kubwerera. Ndinati Loweruka ndi lomaliza, ndipo mwini mbumba wina kulibe.

"Ndamva," anatero amalume, maso ali kutsidya.

"Kumva munamva kawiri konse, amalume."

Mawondo anali atayamba kuwawa, thabwa linali lonyowa, ndipo madzi ankandizunguza mutu. Ndinatsimikiza mumtima kuti ngati n'kugwa tigwera limodzi.

"Chabwino! Ndipita. Tinyamuka mawa kukucha."

"Mayi Chisale, mwamva nawo?"

"Ndamva ndi makutu awiri, mwanangu. A Yusufu akakutulani ku Rumphi mukakwere basi. Ndipo a Tcheya, mukakhota njira, gulu lonse lidzamva kwa ine, ndi azimayi a kutchalitchi kwanu omwe."

"Zikomo, amalume," ndinatero. Ndinaomba m'manja kachiwiri, ndinadzuka, ndi kunyamula katundu wa a Hansi.

Kambalame kanali katasiya kulira. Tinakhala m'matope kudikira, tonse chete, amalume osandiyang'ana. Udzudzu wa kumeneko ndi waung'ono koma umaluma ngati uli ndi mangawa. Mitambo inayamba kuda. Ndinayamba kuganiza kuti kapita, ndipo ndinadziwa kuti ngati kapita, mlandu wake ndidzausenza mpaka kumanda. Sindinadandaule.

Kenaka bango lina linagwedera, ndipo kanatulukira. Kanali katimba basi. Kofiirira pamsana, kotuwa pamimba, ndi kamzere koyera pamwamba pa diso. Kanakwera bango chammbali, kanagwedeza mchira, kanatola kachirombo, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watsika basi pamalo olakwika.

Kamera ya a Hansi inkangoti tcha, tcha, tcha. Ine ndinayang'ana amalume, poti ndiwo ndinadzera. Magalasi anali kumaso, koma pansi pa magalasiwo misozi inkatsika mpaka kuchibwano.

"Taonani, mayi Chisale," ananong'ona. "Kali kokhakokha. Kopanda mnzake ndi mmodzi yemwe, dziko lachilendo, ndipo palibe akukafunafuna kwawo. Kamagona bwanji usiku?"

Pa maliro a mayi anga ndinali kamwana, koma ndinkaona. Amalume anafika mwambo uli pakati, anayang'ana wotchi kumanda, ndipo anabwerera tsiku lomwelo. Misozi yawo ndinadzaiona koyamba ku Nyika. Tsono ndinadziwa kuti anali nayo nthawi yonseyi.

Mayi Chisale anatsitsa magalasi awo oonera patali n'kundipatsa ine kuti ndione nawo. Ndinakana mwaulemu. Ndinali nditaona zokwanira.

Za ulendo wobwerera palibe zambiri. A Yusufu anatitula ku Rumphi, tinakwera minibasi mpaka ku Mzuzu, kenaka basi yaikulu. Amalume anakhala pawindo, ine pambali pawo, ndipo m'basi monsemo anandilankhula kamodzi kokha, pondiuza kuti ndisunthe chigongono. Pa Kasungu anatsika kukataya madzi, ine n'kutsika nawo kukaima pakhomo pa chimbudzi. Pa depoti ya Lilongwe anati akufuna akasinthe zovala ku Chilinde. Ndinati suti ya malemu agogo aamuna ilipo m'sutikesi, ndipo idzawakwana. Tinagona pa Dedza kwa mnzanga wina, n'kufika ku Bembeke Loweruka m'mawa, alendo asanafike.

Suti ija inawathina m'mapewa, koma chinkhoswe chinayenda. Ndipo ndisawanamizire, amalume amatha kulankhula. Anaimirira pakati pa bwalo, dzanja limodzi m'thumba, napepesa anthu a kwa Mphunzi kuti ntchito za dziko zinawachulukira. Analangiza Fabiano za kupirira. Anati mwana wamasiye ndi udindo waukulu, ndipo iwo anausenza mosadandaula. Ine ndinali pamphasa, mutu uli pansi monga mwa mwambo, ndikuyang'ana nyerere.

"Ndipo kuti mudziwe mmene mwanayu amandikondera," anatero akukweza chala, "sabata yomwe ino wanditsatira mpaka ku Nyika, kumalire a dziko, osafuna kusiyana nane ngakhale pang'ono!"

Anthu anaomba m'manja. Azimayi analuluta. Phokoso litatsika, agogo, amene anakhala pakhonde atatambalala, anafwenthera fodya wawo pansalu, nalankhula ngati akuuza mayi amene anali pambali pawo, koma bwalo lonse linamva.

"Mbuzi ikadula chingwe umaithamangira mpaka kuphiri. Si chikondi chimenecho. N'chifukwa choti m'khola ilimo imodzi yomweyo."